Musathamangire kuitsitsa: kukonza suspension ya sedan yakale kuti imvere chiwongolero

BMW E36 ya zitseko zinayi inasiya kupangidwa cha m'ma 1998, Audi A4 B5 mu 2001, BMW E39 cha m'ma 2003, ndipo E46 ya zitseko zinayi ndi Lexus IS200 yoyamba, imene ku Japan ankaitcha Toyota Altezza, zinafika mpaka 2005. Ndiye kuti ngakhale yaing'ono pa magalimoto onsewa ili ndi zaka 20 kapena kuposa. Mwini wake akamadandaula kuti galimoto ikuyandama pokhota, ikupendama kwambiri, chiwongolero chikuchedwa kuyankha, kawirikawiri vuto silikhala la amene anaipanga. Chimene akumva ndi labala wouma ndi wong'ambika, majointi a mpata, ndi ma shock amene anatopa kalekale. Ambiri amadumpha zonsezi n'kukagula ma coilover (shock ndi sipuling'i zomangidwira pamodzi, zosinthika kutalika) otchipa, kuitsitsa galimoto mpaka mimba kukhudza pansi. Mapeto ake galimoto imauma, imagunda pa bampu iliyonse, koma pakona imasewerabe ngati kale, mwinanso kuposa.

Chilichonse chimene mwalimbitsa pa suspension chimakankhira mphamvu ku chiwalo chimene chatsala chofooka. Sipuling'i yolimba pa bushi long'ambika imangolimaliza bushilo. N'chifukwa chake ntchitoyi iyambire pa matayala ndi mabushi, kenako ma shock ndi masipuling'i, kenako alignment. Ma anti-roll bar, zitsulo zolumikiza mbali yakumanja ndi yakumanzere kuti bodi isapendame kwambiri, abwere pomaliza, galimoto itayamba kale kusonyeza chimene ikusowa.

Matayala ndi malimu

Pambali pa tayala pali manambala anayi omaliza a DOT. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 limakhala litayamba kuuma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, ndipo limadziulula pa msewu wonyowa. Mizere ikatsika kufika mamilimita 3 ndiye kuti yayamba kulephera kuthamangitsa madzi, ngakhale malamulo a mayiko ambiri amalola mpaka 1.6. Onse anayi akhale a mtundu umodzi. Atsopano kutsogolo ndi ouma kumbuyo, pa galimoto yokankha ndi magudumu akumbuyo, n'kuitana ngozi dala: kumbuyo kumaterereka kutsogolo kukugwirabe.

Pa magalimoto a nthawi imeneyi malimu a mainchesi 17 ndi okwanira. A 19 amakongola, koma amalemera, ndipo kulemera kwa gudumu sikunyamulidwa ndi sipuling'i. Shock imavutika kusunga gudumu lolemera pansi msewu ukakhala wa mabampu. Samalaninso nambala ya ET, imene imasonyeza mmene limu limalowera mkati kapena kutulukira kunja. Malimu ambiri a E46 ali pakati pa ET 41 ndi 50, pamene a E39 ali cha pa ET 20. Mabowo ndi omwewo a 5x120, choncho a E39 amalowa pa E46, koma amatulutsa gudumu kunja ndi mamilimita oposa 20, ndipo bowo lawo lapakati ndi mamilimita 74.1 pamene hub ya E46 ndi 72.6. Chiwongolero chimayamba kutsatira mizere ya msewu, ma bearing amatha msanga, ndipo popanda timphete todzaza mpatawo galimoto imanjenjemera.

Kunsi kwa galimoto

Ikwezeni, muikhazike pa ma stand anayi, osati pa jeke yokha. Gwirani gudumu pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Mpata wa pamenepa ndi wa bearing kapena ball joint. Gwirani kumanja ndi kumanzere. Mpata wa pamenepa ndi wa tie rod, yakunja kapena yamkati. Wina azigwedeza, inu dzanja lili pa jointi, chifukwa mpata wa theka la milimita maso sauona koma chala chimaumva. Kenako tengani chitsulo chachitali mupane nacho bushi lililonse. Labwino limakana n'kubwerera m'malo mwake. Lotha limasuntha mosavuta, ndipo mukaunika ndi tochi muona ming'alu, kapena labala atalekana ndi chitsulo chimene anamatidwako.

Pa IS200 ndi Mercedes W202 pali msampha. Sipuling'i imakankha mkono wapansi, ndiye galimoto ikalendewera ball joint yapansi imakhala yopanikizika ndipo mpata wake umabisala. Ikani jeke pansi pa mkonowo, mukweze pang'ono kuti jointi ipume, muyese pamenepo. Jointi imeneyi ndiyo imanyamula galimoto. Ikathyoka muli paulendo, gudumu limapindikira mkati.

Galimoto iliyonse ili ndi nthenda yake. Pa E36 ndi E46 mkono wapansi wakutsogolo ndi wooneka ngati L, ndipo kumapeto kwake kwa kumbuyo kuli bushi limodzi lalikulu m'kabulaketi kozungulira. Pa E46 wamba bushili lili ndi madzimadzi mkati. Likang'ambika, gudumu limabwerera m'mbuyo mukangoponda buleki, chiwongolero n'kumanjenjemera pa liwiro la makilomita 80 mpaka 100 pa ola. Ma disc a buleki ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa cha bushi limeneli. E39 ili ndi nthenda yomweyi pa thrust arm.

Kumbuyo kwa E36 ndi E46 kuli bushi la trailing arm, limene limagwira toe ya gudumu lakumbuyo, kutanthauza mmene gudumulo lalozera mkati kapena kunja mukaliona kuchokera pamwamba. Likatha, kumbuyo kwa galimoto kumadziwongolera kokha: mukaponda mafuta kumalowera uku, mukasiya kumabwerera uko. Pakati pa kona, mukachotsa phazi pa mafuta, mumamva ngati wina wakankha buti cham'mbali. Ngati pali bushi limodzi limene limasintha khalidwe la magalimoto awiriwa, ndi limeneli.

Audi A4 B5 ili ndi mikono inayi mbali iliyonse kutsogolo, isanu ndi itatu pamodzi, uliwonse ndi ball joint yake. Kusintha umodziumodzi n'kulipira alignment kambirimbiri. Gulani seti yonse. Bawuti lalitali limene limapana mikono iwiri yapamwamba limachita dzimbiri n'kukakamira. Lithireni mafuta omasula dzimbiri masiku angapo ntchito isanachitike, ndipo musalimenye ndi hamala mpaka kuphwatalala, pakuti likatupa chotsala n'kuboola basi. Mikono ndi majointi gulani a makampani odziwika monga Lemförder, TRW kapena Meyle. Opanda dzina sachedwa kuyambanso kugogoda.

Labala kapena polyurethane

Bushi la labala silizungulira pa bawuti. Labala anamatidwa ku chitsulo chamkati ndi chakunja, ndipo mkono ukamayenda, labalayo ndiye amapotoka. La polyurethane limatsetsereka pa kachubu kachitsulo ka pakati, n'chifukwa chake limafuna girisi wa silicone kapena PTFE, ndipo likauma limalira. Kulimba kwake amayeza ndi Shore A. Pa mabushi a Powerflex, apepo ndi 80A, akuda ndi 95A. A msewu wa tsiku ndi tsiku tengani apepo. Akudawo ndi a pa bwalo la mpikisano.

Polyurethane amachita bwino pamene chiwalo chimazungulira njira imodzi yokha: mabushi a anti-roll bar, ogwirira steering rack pa magalimoto amene ali nawo, ndi bushi lija la mkono wakutsogolo. Pa trailing arm ya E36 ndi E46 ine sindimuvomereza. Mkono umenewu umazungulira komanso umapotoka nthawi imodzi. Bushi louma limaukaniza, suspension n'kumamangika pakati pa kona, ndipo mphamvu yonse imapita ku chitsulo cha bodi pamene pamangidwa bulaketi. Bwino bushi la labala la M3 lokhala ndi timawashala toletsa kusuntha cham'mbali. Mabushi a aluminiyamu pa subframe (chimango chachitsulo chimene mikono yamangidwirako) ndi difu asiyireni a mpikisano: kulira konse kwa difu kumalowa m'galimoto, ndipo bodi yakale imayamba ming'alu.

Pa E36 pali kenanso kothandiza kosadula. Mabushi a offset a M3 ya injini ya malita 3.0 amakankhira gudumu kutsogolo pang'ono n'kuwonjezera caster, kupendamira m'mbuyo kwa mzere umene gudumu limakhoterapo. Caster ikachuluka chiwongolero chimabwerera pakati mwamphamvu, ndipo gudumu lakunja limapendamira mkati mukamakhota, mopanda kudya tayala pa msewu wowongoka.

Ma shock

Shock sinyamula galimoto. Ntchito yake n'kuletsa sipuling'i kupitiriza kudumpha. Imatha pang'onopang'ono moti woyendetsa amazolowera osazindikira. Pofika makilomita 80,000 mpaka 100,000 ambiri amakhala atafooka ngakhale sakudontha mafuta. Kukanikiza galimoto ndi manja n'kuona ngati ikudumpha kumangogwira shock imene yafa kotheratu. Zizindikiro zodalirika ndi izi: galimoto kuyandama kawiri katatu itadutsa pa malo otsika, tayala lodyeka mosalingana moti dzanja limamva timapiri mukamalisisita, ndi ABS kulowerera msanga pa msewu wa mabampu.

Sipuling'i ndi anti-roll bar zimanena pamene bodi idzalekezere kupendama. Shock imanena liwiro lofikira pamenepo. Mukangotembenuza chiwongolero, m'kamphindi koyamba kaja, chimene chimagwira bodi ndi shock, ndipo kumvera kumene anthu amakusaka kuli m'kamphindi komweko. Ngati ndalama zingokwanira chinthu chimodzi mabushi atatha, zipite pa ma shock abwino, masipuling'i akhale omwewo.

Bilstein B4 ndi wongobwezera wa fakitale. B6 ndi monotube (wa chubu chimodzi) wolimbirapo, wa galimoto imene sinatsitsidwe. B8 ndi wofanana naye koma wamfupi, wopangidwira masipuling'i otsitsa, kuti sipuling'i yaifupi isamasuke gudumu likalendewera. Mpweya wa mkati mwa monotube ndi wopanikizika kwambiri moti galimoto ikhoza kukwera mamilimita angapo, si vuto. Ma strut akutsogolo a Bilstein otembenuzidwa aja, a chubu chachikulu chonyezimira, ali ndi bump stop, labala woletsa suspension kugunda mapeto, mkati kale, musawonjezere ina kunja. Koni Sport, achikasu aja, ndi twin-tube (a machubu awiri) ndipo amasinthika rebound, kulimba kwa shock pamene ikutambasuka. Yambirani pa theka la kuzungulira kuchokera pofewa penipeni, muziwonjezera pang'onopang'ono. Rebound ikachuluka sipuling'i silandira mpata wobwerera, ndiye pa mabampu otsatizana galimoto imamira pang'onopang'ono mpaka kukhala pa bump stop. Ena akumbuyo amasinthika pokhapokha mutawachotsa pagalimoto, choncho ganizani bwino musanamange.

Sinthani awiriawiri, makamaka onse anayi. Pamodzi nawo sinthani ma top mount, ma bump stop, zotchinga fumbi ndi labala wokhalira sipuling'i. Bump stop yakale imafumbutuka m'manja, chonsecho pa magalimoto ambiri imathandiza sipuling'i pakona iliyonse yamphamvu.

Masipuling'i ndi malire a kutsitsa

Eibach Pro-Kit imatsitsa magalimoto ambiri cha pa mamilimita 25 mpaka 30, H&R Sport kuposerapo pang'ono. Seti ya Bilstein B12 Pro-Kit imaphatikiza ma shock a Bilstein ndi masipuling'i a Eibach oyenderana kale. Ngati galimoto inabwera ndi suspension ya sport ya fakitale, monga E46 imene inatsika kale ndi mamilimita 15, musayembekeze kutsika konseko. Kudula sipuling'i kapena kuitenthetsa ndi moto, iyayi. Moto umapha chitsulo chake ndipo imadzathyoka.

Malire abwino a galimoto ya msewu ndi mamilimita 25 mpaka 35. Chifukwa choyamba ndi mpata. Milimita iliyonse imene mwatsitsa mwaichotsa pa mtunda umene gudumu limakwera lisanagunde bump stop, ndipo gudumu likafika pamenepo pakati pa kona, tayala limataya msewu mwadzidzidzi. Chachiwiri ndi mmene mikono yaimira. Gwadani kutsogolo kwa galimoto ili pa malo osalala, muyang'ane mkono wapansi. Ball joint iyenera kukhala m'munsi pang'ono, kapena mulingo umodzi, ndi pamene mkonowo wamangidwira ku subframe. Ikakwera kuposa pamenepo, pa galimoto ya MacPherson strut, monga E36 ndi E46 kutsogolo, roll centre (malo amene bodi imapendamirapo) imatsika msanga kuposa bodi, ndiye galimoto yotsikayo imafuna kupendama kwambiri kuposa kale, ndipo gudumu lakunja silipezanso camber (kupendama kwa gudumu mukaliona kuchokera kutsogolo) imene limafuna. Tie rod nayo imapendama, gudumu n'kumadzikhotetsa lokha likakwera bampu. Imeneyi ndiyo bump steer.

Njira yoonera mpata umene watsala ndi yosavuta. Mangani ka cable tie pa ndodo ya shock, mukatsitse mpaka kakhudze thupi la shock, muyende msewu wanu wa masiku onse. Pobwera onani pamene kafika. Ngati kakwiririka mu bump stop musanagunde dzenje lililonse, galimoto yatsika kwambiri kapena masipuling'i ndi ofewa.

Manambala a masipuling'i amasokoneza ambiri. 1 kg/mm ndi pafupifupi 9.8 N/mm, kapena 56 lb/in. Koma nambala ya sipuling'i si mphamvu imene imafika pagudumu. Pa strut yakutsogolo sipuling'i ili pafupi ndi gudumu, ndiye pafupifupi mphamvu yonse imafika. Kumbuyo kwa E36 ndi E46 ili pa mkono, kutali ndi gudumu, moti gudumu likakwera mamilimita 10 sipuling'i imafupika pafupifupi 6.5. Chiwerengero cha 0.65 chimenechi mumachichulukitsa ndi icho chomwe, kupeza 0.42, ndiye sipuling'i ya 100 N/mm imafika pagudumu ngati 42 N/mm. N'chifukwa chake seti yabwino ya magalimotowa imakhala ndi nambala yaikulu kumbuyo, ndipo kuyerekeza manambala a magalimoto awiri osiyana n'kopanda phindu.

Choyerekeza chenicheni ndi kangati pa sekondi bodi imafuna kudumpha pa masipuling'i ake. Galimoto wamba zili pakati pa 1 ndi 1.5 Hz, za msewu zothamanga 1.5 mpaka 2, za mpikisano kuposa pamenepo. Ngodya yonyamula makilogalamu 330 pa 35 N/mm pagudumu imapereka 1.6 Hz, yabwino kwambiri pa sedan ya msewu. Ngodya yomweyo pa 80 N/mm, nambala imene imapezeka pa ma coilover ambiri otchipa, imafika 2.5 Hz. Pa bwalo losalala zimenezo zimagwira ntchito. Pa msewu wa mabampu tayala limangodumphadumpha. Kumbuyo kukhale kokwera ndi pafupifupi 10 peresenti kuposa kutsogolo, kuti galimoto ikadutsa bampu ikhazikike yonse nthawi imodzi.

Ma coilover abwino alipo. KW V1 imasinthika kutalika kokha, V2 imawonjezera rebound, V3 imawonjezeranso compression, kulimba kwa shock pamene ikufupika. Bilstein B14 ndi ya kutalika kokha, B16 imasinthikanso kulimba. Phindu lake lenileni n'kukhoza kuika galimoto pa masikelo anayi, woyendetsa ali pampando, n'kusintha mpaka gudumu lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere pamodzi anyamule 50 peresenti, kuti ikhote mofanana mbali zonse. Opanda masikelo, seti ya shock ndi sipuling'i yoyenderana imaposa coilover yotchipa ya ma click 32. Mukaika ma coilover pakani girisi woletsa dzimbiri pa mazinga ake, apo ayi mvula imodzi yokha idzawamanga.

Bodi yokalamba

Musanalimbitse kalikonse pa E46, yang'anani pansi pa buti pamene subframe yakumbuyo yamangidwa. Chitsulo cha pamenepo chimadziwika ndi ming'alu. Tsukani bwino, muunike mozungulira malo anayi onse. Ngati subframe ikutsika kuti musinthe mabushi, imeneyo ndiyo nthawi yowotcherera mapuleti olimbitsa, thanki ya mafuta itachotsedwa kapena kutetezedwa bwino. Pa E36 onani pamene pakhala ma mount a shock akumbuyo ndi mabulaketi a trailing arm. Kutsogolo kwa onse awiri, pamwamba pa strut tower pamatukumuka galimoto ikagunda maenje. Mapuleti oika pakati pa mount ndi bodi amateteza, makamaka ngati mukuika camber plate. Strut brace, chitsulo cholumikiza ma tower awiri chija, imathandiza pang'ono pokha. Ikhale yomaliza kugula.

Pomanga

Cholakwa chofala kuposa zonse n'kumangitsa mabawuti a mabushi a labala galimoto ili m'mwamba. Mukaitsitsa, labala amapotoka n'kukhala chipotokere, galimoto imaima pamwamba kuposa mmene iyenera, ndipo bushi latsopano limang'ambika m'miyezi yochepa. Mangani ndi dzanja kaye, muike galimoto pa magudumu ake pa ramp kapena pa dzenje la garaja, muigwedeze, kenako mumangitse ndi torque wrench motsata buku la galimotoyo. Mukatsitsa galimoto ndi masipuling'i atsopano, masulani ngakhale mabushi amene simunasinthe, muwamangenso pa kutalika kwatsopanoko.

Bushi lija la mkono wakutsogolo wa E36 ndi E46 limalowa ndi madzi a sopo kapena mafuta ake apadera amene amauma, osati girisi. Galimoto ikhale pansi pasanathe mphindi 30, kuti bushilo likhazikike malo ake madziwo asanaume. Manati odzitseka okha ndi mabawuti otambasuka amagwira ntchito kamodzi, gulani atsopano. Nati ya pamwamba pa shock musaimange ndi impact gun, ndipo ndodo yonyezimirayo musaigwire ndi pulayala, pakuti kachipsera kamodzi kamadula seal. Sipuling'i yopanidwa ikhoza kupha munthu. Zopanira zikhale ziwiri moyang'anana, muzimanga mosinthanasinthana, nkhope yanu kutali ndi kumene ingathawire. Hub isalendewere pa paipi ya buleki kapena waya wa ABS. Ngati galimoto ili ndi magetsi a xenon, masulani kandodo ka sensa ya mulingo pa mkono musanaugwetse. N'kapulasitiki, kamathyoka mosavuta. Mabawuti a magudumu pa E46 ndi 120 Nm, manati a IS200 ndi 103 Nm.

Musanayambe ntchito ndiponso mutamaliza, yezani kuchokera pakati pa hub kufika m'mphepete mwa fender pa ngodya zonse zinayi, mulembe.

Alignment

Yendani masiku angapo kuti masipuling'i akhazikike, kenako mupite ku alignment ya magudumu onse anayi. Manambala a BMW a E36 ndi E46 anawayeza galimoto itanyamula makilogalamu 68 pa mpando uliwonse wakutsogolo, 68 pakati pa mpando wakumbuyo, 21 m'buti, thanki yodzaza. Woyeza akatsata manambalawo pa galimoto yopanda katundu, zotsatira zimaphonya. Muuzeni manambala anu, ndipo muitanitse pepala losonyeza mmene zinalili ndi mmene zakhalira.

Poyambira pabwino pa msewu: camber kutsogolo madigiri −1.0 mpaka −1.5 (chizindikiro cha − chikutanthauza kuti pamwamba pa gudumu papendamira mkati), kumbuyo cha pa −1.5. Opita ku bwalo la mpikisano amafika −2.5 mpaka −3 kutsogolo, koma pamenepo pamafunika camber plate. Magalimoto ambiriwa anachoka ku fakitale ndi camber yochepa kutsogolo kuposa kumbuyo, dala, kuti mphuno iziyamba kuterereka. Kuwonjezera camber kutsogolo ndiyo njira yoona yochepetsera understeer, kuterereka kwa mphuno kumeneku, chifukwa mukuwonjezera kugwira kumene kukusowa m'malo mochotsa kumene kulipo.

Toe kutsogolo ikhale ziro kapena yolowa mkati pang'ono kwambiri, cha pa madigiri 0.05 mbali iliyonse. Kumbuyo ilowe mkati madigiri 0.10 mpaka 0.15 mbali iliyonse, mofanana kumanja ndi kumanzere. Toe yotuluka kunja kumbuyo musailole mpang'ono pomwe. Galimoto imazungulira mosachenjeza. Manambalawa ndi aang'ono: milimita imodzi pa limu la mainchesi 17 ndi pafupifupi madigiri 0.13. Anthu amanamizira camber kuti ikudya matayala, chonsecho toe ndiyo imadya kwambiri, chifukwa tayala limakwekweresedwa cham'mbali ulendo wonse. Ngati galimoto ili ndi DSC kapena ESP, makina a kompyuta oiletsa kuterereka, sensa ya chiwongolero ikonzedwenso ndi kompyuta alignment ikatha.

Ma anti-roll bar

Tsopano galimoto ikhoza kukuuzani zoona. Kulimba kwa bar yopanda mphako kumakwera molingana ndi kunenepa kwake mutakuchulukitsa ndi iko komwe, nambalayo ikhalepo kanayi (monga 24×24×24×24), ndiye mamilimita ochepa amasintha zambiri. Kuchoka pa 24 kupita pa 27 ndi kuwonjezera pafupifupi 60 peresenti. Kuchoka pa 18 kupita pa 21 ndi 85 peresenti. Bar yolimba kutsogolo imawonjezera understeer, yolimba kumbuyo imawonjezera oversteer, kuterereka kwa kumbuyo. Komabe pa galimoto ya MacPherson strut, bar yokulirapo kutsogolo nthawi zambiri imathandiza mphuno kugwira, chifukwa bodi ikapendama pang'ono tayala lakunja limakhalabe chilili pa msewu. Pa galimoto yokankha ndi kumbuyo yopanda difu ya limited-slip, imene imaletsa gudumu limodzi kuzungulira lokha, bar yaikulu kumbuyo imapepuza gudumu lamkati, n'kumangozungulira chabe potuluka pakona. Pa Audi B5, imene injini yake ili patsogolo pa magudumu akutsogolo, bar yakumbuyo ndiyo imathandiza kwambiri.

Gulani ma bar a mabowo awiri kapena atatu. Bowo la kumapeto ndilo lofewa, loyandikira pa bar penipeni ndilo lolimba. Yambirani pofewa, makamaka kumbuyo. Ma link ake amangidwe galimoto ili pa magudumu, pa malo osalala, bawuti lizilowa lokha osakakamiza. Mukakakamiza, galimoto imakhota mosiyana kumanja ndi kumanzere. Onaninso timabulaketi togwirira bar pa mkono kapena subframe, pakuti pa E36 timathyoka bar ikakula.

Kuyesa malire a galimoto kuchitikire pa bwalo la mpikisano kapena malo otsekedwa, osati pakati pa magalimoto ena, ndipo muyesenso pali ponyowa, chifukwa galimoto imene ikukoma pouma ikhoza kukhala yolusa pamvula. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe. Vuto likamabwera mukangotembenuza chiwongolero, yang'anani ma shock ndi toe. Likamabwera pakati pa kona galimoto itakhazikika, ndi la ma bar, masipuling'i kapena camber. Mpweya yezani matayala ali ozizira, kuyambira pa nambala ya pa chitseko. Atatentha amakwera ndi 0.2 mpaka 0.3 bar, ndipo musawaphwetse pamenepo. Ngati muli ndi choyezera kutentha, yezani mkati, pakati ndi kunja kwa tayala mutangoima. Mkati mukatentha kuposa kunja ndi madigiri 5 mpaka 10 a Celsius, camber ili bwino. Kunja kukatentha kuposa mkati, yachepa.

Mutayenda makilomita 500, onaninso mabawuti onse ndi torque wrench, muyezenso kutalika kwa ngodya zinayi zija. Kenako sisitani chikhatho pa tayala lakutsogolo kuchokera kunja kupita mkati, n'kubwerera. Likamaterera njira imodzi koma n'kumakanda njira inayo, toe yasuntha, ndipo galimoto ibwerere ku alignment matayalawo asanathe.